Sitima ya ku George Inatha, Catsala ndi Cithunzi

Munthu amene angafike mu mzinda wa Lusaka lero lino atanyamula kamera, nafunsa kuti amuonetse sitima imene inali kunyamula anthu kucokera ku Chilenje kupita ku komboni ya George, adzabwerera manjamanja. Sitimayo, imene anthu anali kuicha Njanji, inayamba kuyenda kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zaka zimenezo zisanathe inali italeka kale. Zitsulo za njanji yake zinazulidwa m'malo ambiri, ndipo m'mene inali kupita mwamangidwa nyumba, mipanda ndi timisika. Ana amene anabadwa sitimayo italeka tsopano ali ndi mabanja aoao, koma za Njanji amangozimva m'kamwa mwa akuluakulu.

Nkhani ya sitima imeneyi iri ndi phunziro kwa anthu a m'tauni ndi a kumudzi omwe. Mzinda umasintha msanga kuposa mudzi. Mtengo wa mkuyu umene agogo anali kuweruzira milandu kumudzi ungakhale ulipobe, koma mu Lusaka malo amene panali msika caka catha, caka cino pangakhale nyumba yosanja. Zinthu zina Boma limazisunga ndi lamulo, koma zambiri zimene anthu wamba anakhala nazo tsiku ndi tsiku zimangozimirira popanda wozilira. Zikatero, mboni yokha imene imatsala ndi cithunzi, ndipo cithunzico cimalankhula pokhapokha wina atalemba kumbuyo kwake dzina, malo ndi caka.

Kumene makomboni anacokera

Kuti munthu adziwe coyenera kujambula m'makomboni, ayenera kuyamba wadziwa m'mene makomboniwo anabadwira. Lusaka inayamba mu 1905 ngati kasiteshoni kakang'ono pa njanji yocokera ku Livingstone kupita kumpoto, ndipo dzina linatengedwa kwa mfumu Lusaaka imene mudzi wake unali pafupi. Mu 1935 atsamunda anasamutsa likulu la Northern Rhodesia kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Pokonza mzinda watsopanowo anaganizira kwambiri za maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu. Munthu wakuda anali kumuyesa mlendo wodzagwira nchito cabe, woti nchito ikatha abwerere kwao, ndipo anali kuyenda ndi citupa.

Pakuti nyumba za anchito zinali zocepa, eni mafamu ndi makampani omanga anali kulola anthu kumanga tinyumba pa malo ao. Ici ndico cifukwa cake makomboni ambiri ali ndi maina a anthu acilendo. George inachedwa ndi dzina la George Hadjipetrou, mwini malowo. John Howard ndi John Laing ndi maina a makampani omanga. Chawama poyamba inali kudziwika ndi dzina lakuti Roberts. Matero ndi Chilenje ndi zosiyana pang'ono, pakuti nyumba zake zinamangidwa ndi olamulira mzinda m'mizere yoongoka, kuti zikhale za anchito okhala ndi mabanja.

Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu ocokera ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi madera ena onse anakhamukira ku Lusaka. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 monga malo opimidwa kumene munthu anali kupatsidwa puloti kuti adzimangire yekha. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kuti asagwetsedwe koma akonzedwe, ndipo okhalamo anayamba kulandira zikalata zowalola kukhala pa malowo zaka 30. Ndi ngongole yocokera ku World Bank, miseu inalambulidwa ndi mipope ya madzi inaikidwa ku Chawama, George ndi makomboni ena. Ku Kalingalinga nchito yotere inagwiridwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany.

Motero komboni iriyonse iri ndi mbiri yake yoonekera ndi maso: kayalidwe ka miseu, mtundu wa njerwa, mpope wakale wa pa mphambano. Wojambula wodziwa zimenezi saona fumbi ndi malata okha ai.

Nyumba zimene Boma linasunga

Malo odziwika koposa ndi nyumba nambala 394 ku Chilenje. M'nyumba yaing'ono imeneyi ndimo munakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lao kuyambira mu Januwale 1960 kufikira mu Disembala 1962, pa nthawi imene nkhondo yomenyera ufulu inafika pacimake. Nyumbayo inabwezeretsedwa m'maonekedwe ake akale, ndipo mkati muli katundu wa m'nyumba wa masiku amenewo. Panja paima galimoto ya Land Rover imene inali kuwanyamula pa maulendo a ndale, yokalamba ndi yoonongeka. Mlendo akalowamo cimene cimamudabwitsa ndi kucepa kwa zipinda, poganiza kuti munthu amene analamulira dziko zaka 27 anali kugona m'malo otere pamodzi ndi mkazi ndi ana.

Ku Chilenje komweko kuli nyumba nambala 280, imene inali ofesi yoyamba ya cipani ca Zambia African National Congress. Cipanico cinabadwa mu Okutobala 1958 ndipo atsamunda anaciletsa mu Malici 1959, natsekera atsogoleri ake. Pa phulusa lake panaphuka cipani ca UNIP, cimene a Mainza Chona anacitsogolera kufikira a Kaunda atatuluka m'ndende mu Januwale 1960. Likulu la cipani catsopanoco kuyambira 1959 kufikira 1961 linali m'nyumba nambala 3144 ku Matero. Munthu wosauzidwa angaipitirire nyumbayo osaiceukira, cifukwa iri ngati nyumba ina iriyonse ya ku Matero, ndipo ulemerero wake uli pomwepo: ufulu wa dziko lino unakonzedwa m'nyumba za anthu wamba.

Ku Kabwata, m'mbali mwa mseu wa Burma, kuli nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene atsamunda anamangira amuna ogwira nchito amene anali kusiya akazi ao kumudzi. Zinalipo mazana, koma zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanja. Nyumba 43 zinapulumuka, ndipo mu 1974 zinasandutsidwa mudzi wa zacikhalidwe kumene osema ziboliboli ndi oluka madengu amagulitsa nchito za manja ao. Caka comweco, pokondwerera zaka khumi za ufulu, anaimika mu mseu wa Independence cifanizo ca munthu wodula unyolo, cimene cimakumbutsa za a Zanco Mpundu Mutembo.

Nyumba za ku Chilenje ndi ku Matero ziri m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989 kuti lisamale malo a mbiri m'dziko lonse. Malo olembedwa m'kaundula wa bungweli saloledwa kugwetsedwa kapena kusinthidwa mwacisawawa. Wofuna kuwajambula angapite lero, angapite caka camawa, adzawapeza.

Zimene palibe anazisunga

Si zonse zimene zinali ndi mwai wotere. M'maiko ena anthu amasunga ngakhale zoyendera zakale. Amuna a kuno amene anapita ku Joni kukagwira nchito m'migodi anabwera ndi nkhani za tisitima tamagetsi toyenda pa njanji pakati penipeni pa mseu, tochedwa tramu. Mu Johannesburg tisitimato tinaleka kuyenda mu 1961, koma ku Kimberley anasungako kamodzi kakale kuti alendo odzaona dzenje lalikulu la diamondi azikwera ndi kujambula. Lusaka sinakhalepo ndi tramu. Cimene cinayandikirako ndi sitima ya Njanji ija, imene inali kudutsa pakati pa nyumba za anthu, kunyamula amai a malonda ndi madengu ao, ana a sukulu ndi anchito a m'mafakitale pa mtengo wocepa.

Dziko lino lidziwa kusunga sitima likafuna. Ku Livingstone kuli nyumba yosungiramo sitima zakale zoyendera malasha, pa malo amene kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills inali kukonzera mainjini a njanji ya ku Mulobezi. Alendo ocokera kutsidya kwa nyanja amalipira ndalama zambiri kuti aone sitima yofuka utsi ikufika pa mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, umene unamangidwa mu 1905. Koma sitima ya anthu a ku George ndi Matero sinamangiridwe cikumbutso cotere.

Cimodzimodzinso mabasi a UBZ, amene anali kutenga anthu m'makomboni ndi kuwafikitsa mpaka ku Chipata ndi Lundazi. Kampaniyo inatsekedwa mu 1995, ndipo mabasi ake anamwazika. Msika waukulu wa City Market unapsa ndi moto mu Julayi 2017, katundu wa amalonda ambirimbiri nasanduka phulusa usiku umodzi. Ku Kalingalinga, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata umene umadziwika ndi akalipentala opanga zitseko ndi mipando ndiponso amai ophwanya miyala, nyumba zakale zikugulidwa imodziimodzi ndipo m'malo mwake mukumera masitolo akuluakulu ndi maofesi.

Palinso zinthu zowawa zimene mtundu suyenera kuiwala. Kanyama inamangidwa pa malo athyathyathya okhala ndi thanthwe pafupi pansi, kotero kuti madzi a mvula amasowa kolowera. Mu 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, anthu nafa, ena nasowa pogona, mpaka Boma linatsegula thumba lapadera lothandizira ovutikawo. Madzi osefukira ndi matenda a kolera zakhala zikubwerera ku Kanyama, monga zinacitikira mu 2017 ndi 2018. Cithunzi coonetsa pamene madzi anafika pa khoma la nyumba, cokhala ndi tsiku lake, ndi umboni umene anthu angapite nao kwa khansala kapena kwa phungu wao popempha ngalande. Mau a pakamwa munthu angawakane, koma mzere wa matope pa khoma ngwovuta kuutsutsa.

Ojambula a m'komboni

Kale kujambulitsa cinali cinthu ca mwambo. Munthu anali kusamba, kuvala zovala za pa Sabata, kupita ku situdiyo ya m'tauni, kuima patsogolo pa nsalu yojambulidwa maluwa kapena nyumba yokongola, mwina atagwira wailesi kapena ataonetsa wochi ya pa mkono. Cithunzico cinali kutumizidwa kumudzi m'kalata, kuti makolo aone kuti mwana wao ali moyo ndipo tauni yamulandira. Panalinso ojambula oyenda pa njinga, kamera iri pakhosi, amene anali kuzungulira m'makomboni Loweruka ndi Sabata. Munthu anali kulipira theka, nadikira kuti filimu ya zithunzi 24 kapena 36 idzale ndi kukatsukidwa, ndipo pakapita masiku wojambula anali kubwera ndi cithunzi kudzatenga ndalama zotsala.

Ojambula amenewa sanali kuganiza kuti akulemba mbiri. Iwo anali kufuna ndalama ya ufa. Koma kumbuyo kwa mkwati ndi mkwatibwi kunalowa nyumba ya zidina, kumbuyo kwa mwana wobatizidwa kunalowa chalichi cimene cinagwetsedwa pambuyo pake, kumbuyo kwa mnyamata wonyadira njinga yatsopano kunalowa basi ya UBZ. Ojambula a Boma a ku Zambia Information Services, amene mu 2005 anaphatikizidwa ndi a ZANA kupanga ZANIS, anali kutsata atsogoleri ndi misonkhano. Moyo wa pakhomo unajambulidwa ndi anthu a pa njinga aja.

Mu 2018 mai wina wa mu Lusaka wokonda za zithunzi, Sana Ginwalla, anapeza zithunzi mazanamazana zitasungidwa m'cipinda ca pamwamba pa situdiyo yakale ya Fine Art Studios. Zinali zithunzi zimene eni ake anajambulitsa koma sanabwerenso kudzatenga. Pa zithunzi zimenezi anayambitsa nchito yochedwa Zambia Belonging, yosonkhanitsa ndi kuonetsa zithunzi za anthu wamba. Mwa nchito yomweyo dziko linadziwa za a Alick Phiri, wojambula wacikulire amene anajambula anthu a m'makomboni kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi zao zinasindikizidwa m'buku lochedwa Lusaka Street. Komabe m'zithunzi zosiyidwa zija muli cisoni cake. Nkhope zikuoneka bwino lomwe, zovala zikuoneka, koma pamene sipanalembedwe dzina, munthuyo wasanduka mlendo m'dziko lake lomwe.

Njira ina inaonetsedwa ndi Ann Schlyter, katswiri wa zomangamanga wa ku Sweden, amene anafika ku George kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Iye anapima ndi kujambula nyumba za mbali imodzi ya komboniyo, ndipo anabwerera ku nyumba zomwezo kawirikawiri kwa zaka zoposa 30. Poika pamodzi zimene anapeza pa ulendo uliwonse, munthu amaona nyumba ya dothi ikusanduka ya mabuloko a simenti, cipinda cimodzi cikubala zipinda zobwereketsa, ndi mabanja akukula ndi kumwazikana. Ku Mtendere nako Karen Tranberg Hansen anatsata mabanja kwa zaka zambiri, nalemba buku lochedwa Keeping House in Lusaka limene linatuluka mu 1997. Nzeru yao njosavuta kuitengera: kubwerera pa malo amodzimodzi, kuima pamene unaima kale, ndi kulemba tsiku.

Kajambulidwe koyenera

Masiku ano pafupifupi khomo liri lonse liri ndi lamya ya m'manja yokhala ndi kamera, ndipo palibenso kudikira filimu. Koma kuculuka kwa makamera sikunaculukitse zithunzi zabwino. Malangizo amene ojambula akale anali kutsata akali ndi nchito.

Coyamba ndi dzuwa. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangokwera pang'ono, kapena madzulo lisanalowe, pamene kuwala kumagwa cammbali ndi kuonetsa mizere ya njerwa ndi makwinya a pa nkhope. Masana dzuwa liri paliwombo, malata amanyezimira ndipo maso a anthu amabisika mu mthunzi. Wojambula aime dzuwa liri kumbuyo kwake kapena pambali, osati kumaso, kuopa kuti anthu angatuluke akuda bii ngati zitsa. M'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala mphepo ya Lusaka imanyamula fumbi ndi utsi, ndipo zinthu zakutali zimaoneka mwacimbuuzi. Mvula ikangokata, mlengalenga mumayera ndipo mitundu imaoneka bwino. Galasi la kamera lipukutidwe ndi kansalu kofewa, pakuti lamya yokhala m'thumba imadetsedwa ndi thukuta la m'manja.

Caciwiri ndi kusankha coti cilowe m'cithunzi. Pa nyumba ya mbiri monga ya ku Chilenje, ndi bwino kujambula katatu. Cithunzi coyamba citenge nyumba yonse pamodzi ndi mseu ndi nyumba zoyandikana nazo, kuti woona adziwe pamene iri. Caciwiri citenge khomo ndi munthu ataima pambali pake, pakuti msinkhu wa munthu ndiwo umaonetsa kucepa kapena kukula kwa nyumba. Cacitatu ciyandikire pa nambala ya nyumba kapena pa cikwangwani, kuti ngakhale wojambula ataiwala, cithunzi cidzinenere cokha. Alendo ambiri amalakwa podzaza cithunzi conse ndi nkhope zao, malo amene anadzera osaoneka konse.

Cacitatu ndi kusanyoza zinthu za masiku onse. Mzere wa zigubu pa mpope, minibasi yodzaza pa siteshoni ya Matero, mbaula za amai okazinga vitumbuwa, wilibala yonyamula makala, zikwangwani za mitengo ya ufa pa kantemba: zonsezi lero ziri ngati zopanda pake cifukwa ziri ponseponse. Momwemonso sitima ya Njanji inali yopanda pake kwa amene anali kuikwera m'mawa uliwonse. Ngakhale kumene sitimayo inali kupita nkoyenera kukujambula tsopano, pamene akuluakulu otha kuloza ndi cala kuti apa ndipo tinali kukwerera akali moyo.

Ulemu ndi malamulo

Komboni ndi mudzi wa anthu, si malo oonetsera nyama. Mlendo wolowa ndi kamera ayambe wapereka moni ndi kunena cimene wadzera, monga acitira munthu wofika pa mudzi wa eni. Safunsa anadya phula. Amai a pa msika ambiri sakondwa kujambulidwa mwakabisira, ndipo ali ndi cifukwa, pakuti ena amatenga zithunzi za umphawi wa anzao nkukapemphera ndalama kunja, eni nkhope osalandirako kanthu. Mwana asajambulidwe popanda cilolezo ca kholo lake. Munthu akakana, kukana kwake kulemekezedwe. Akalola, ndi ulemu kumuonetsa cithunzico, ndipo ngati nkotheka kumpatsa cake.

Pali malo ena ofunika kudekha. Pafupi ndi bwalo lakale la Independence, kumpoto kwa mzinda kufupi ndi Matero, pali manda a anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndege ku Gabon pa 27 Epulo 1993, mwa iwo osewera mpira 18 a timu ya dziko lino. Pambali pake paima bwalo latsopano la National Heroes limene linatsegulidwa mu 2014. Ambiri amapita kukajambula kumeneko, makamaka pokumbukira kuti mu 2012 Chipolopolo inakatenga cikho ca Africa mu mzinda wa Libreville, pafupi ndi pamene anzao anathera. Koma manda ndi manda. Pali amasiye ndi ana amene amabwera kudzalira pamenepo, ndipo kukwera pa ziliza kapena kuseka mokweza nkosayenera.

Lamulo limaletsa kujambula malo okhudza citetezo ca dziko, monga nyumba ya Mtsogoleri wa dziko ndi misasa ya asilikali, ndipo wocita zimenezi angalandidwe kamera kapena kumangidwa. M'nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga Lusaka National Museum imene inatsegulidwa mu 1996, ndi bwino kufunsa woyang'anira ngati kujambula mkati nkololedwa. Ndiponso njanji yaikulu yocokera ku Livingstone, imene imadutsa m'mbali mwa Chawama ndi Misisi, ikali yamoyo. Sitima yolemera singaime msanga ngakhale woyendetsa ataona munthu, motero kuima pakati pa njanji pofuna cithunzi cokongola ndi kuseweretsa moyo.

Cuma cimene ciri m'masutukesi a kumudzi

Wina wa ku Chadiza kapena ku Nyimba angafunse kuti nkhani ya makomboni a Lusaka imukhudza bwanji. Imukhudza kwambiri, pakuti zithunzi zambiri za makomboni siziri mu Lusaka. Zinatumizidwa kumudzi. Ziri pansi pa sutukesi ya agogo, pakati pa masamba a Baibulo, kapena zapacikidwa pa khoma pamene utsi ukuzidetsa caka ndi caka. Amalume amene anajambulitsa ataima pa khomo la nyumba yao ku Mtendere mu 1972 anatumiza kwao mbiri ya mzinda osadziwa.

Banja liri lonse lingacite zinthu zocepa zosafuna ndalama. Madzulo ena zithunzi zitulutsidwe pamaso pa akuluakulu, ndipo mwana wa sukulu akhale pafupi ndi pensulo. Afunse kuti uyu ndani, anali mwana wa yani, apa ndi pati, cinali caka citi. Ngati caka caiwalika, akulu amakumbukira ndi zocitika: caka ca cigumula ca ku Kanyama, caka cimene anasintha ndalama kucoka pa mapaundi kupita pa kwacha mu 1968, caka cimene a Kaunda anacoka pa mpando mu 1991. Zolembazo zilembedwe mopepuka kumbuyo ndi pensulo, cifukwa inki ya bolopeni imalowerera ndi kuononga nkhope. Zithunzi zisungidwe pouma, kutali ndi dzuwa, cinyezi ndi ciswe, ndipo zisamatidwe ndi ulimbo kapena phala. Amene ali ndi lamya angajambule cithunzi cakale ciri conse pa kuwala kwa pakhonde ndi kutumizira acibale, kuti nyumba ikapsa kapena ikadontha, nkhope ya agogo isathere pomwepo.

Zithunzi za m'lamya nazo ziri pa ngozi yoposa ya pepala. Lamya imabedwa, imagwera m'madzi, imafa, ndipo zithunzi za zaka zisanu zimapita nayo limodzi. Cithunzi ca pepala ca mu 1965 cikali kuoneka, pamene ca m'lamya ca zaka zitatu zapitazo ambiri sangacipezenso. Ncanzeru kusankha zocepa zofunika caka ciri conse ndi kukazitsukitsa pa pepala ku boma. Amene ali ndi zithunzi zoonetsa zocitika zazikulu, monga misonkhano ya nthawi ya Chachacha mu 1961 kapena sitima ya Njanji iri pa ulendo, angadziwitse a National Archives of Zambia kapena a nyumba yosungiramo zinthu zakale mu Lusaka, amene nchito yao ndi kusunga zotere kuti mtundu wonse upindule.

Ndipo nzeru yomweyi igwire nchito kumudzi. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni ndi wa Kulamba ku Mkaika imajambulidwa ndi anthu ambiri caka ndi caka, koma sukulu yoyamba ya pa mudzi, citsime cakale, nkhokwe zoluka ndi ngolo ya ng'ombe ziribe wozijambula, ndipo nazo zikutha pang'onopang'ono monga inathera sitima ya ku George. Madzi akatayika saoleka. Nyumba ya ku Chilenje iri ndi lamulo ndi alonda oisunga, koma mbiri ya anthu wamba iribe mlonda wina koposa eni ake, ndipo zida zake ndi kamera, pensulo ndi nkhalamba imene ikali kukumbukira maina.